Ndinagulitsira Ufa pa Nambala za Maliro

Mtendere wa Ambuye ukhale nanu, amayi anzanga, pamodzi ndi abambo ochepa amene ndikukuonani kumbuyoko. Ndapatsidwa mpata woti ndipereke umboni, ndipo ndisanayambe ndikupempha kanthu kamodzi. Mafoni anu musazimitse, ingowatembenuzani chafufumimba pamiyendopo. Nkhani yanga ndi ya iwowo.

Ine ndine Felista, kwathu ndi ku Ntcheu. Ena mumanditchula Make Tadala, ena mayi wa pa shopu ya ufa. Palinso dzina lachitatu limene munkanena ndikatembenuka, loti Mayi Wailesi. Musazolike, ndinalimva, ndipo linali londiyenera. Ndaima pano chifukwa ndikudziwa kuti ambiri muno muli ndi kabizinesi ka pa foni. Wina mawigi, wina zitenje, wina amaluka tsitsi tsiku la ofu. Dzenje limene ndinagweramo ine lili pakhomo pa aliyense wa inu.

Sukulu ndinalekezera ku pulayimale. Kuno ku Dubai ndinabwera ngati mmene ambiri munabwerera, kudzalera ana a eni kuti anga adye. Ndinagwira m'nyumba zaka zingapo, mpaka Mulungu anandikumanitsa ndi Che Yusufu, bambo wa ku Mangochi amene poyamba anali dalaivala, kenako n'kutsegula kashopu ka zakudya za kumudzi. Ufa woyera, mgaiwa, nyemba, usipa, mfutso, nsinjiro. Timalandiranso katundu wotumiza kwathu. Kontirakiti yanga ya m'nyumba itatha, anandilemba ntchito, mapepala onse molongosoka. Tsiku limenelo ndinavina m'chipinda ndekha.

Patapita miyezi anandiitana pa kauntala.

"Amayi, anthu amakukondani inu, pakamwa panu m'potsekemera. Foni ya shopu ndi iyi. Katundu akafika muziwadziwitsa makasitomala athu."

Ananena zokhazo. Makasitomala athu. Koma ine nditatsegula foniyo ndinapeza nambala zochepa, ndipo mtima unati, zochepa chonchi tingalemere nazo? Ndiye ndinayamba kuganiza kumene nambala za anthu athu zimapezeka zambiri pamodzi.

Nonse mukuidziwa gulupu ya maliro. Kwa alendo amene mwangofika kumene, imeneyi ndi gulupu ya pa foni imene timauzana mnzathu akamwalira kuno, kuti tisonkhe thupi likaikidwe kwawo. Muli Amalawi, muli a ku Zambia, muli Akhristu, muli Asilamu. Ngakhale munthu wosalowa chilichonse, wosabwera kutchalitchi, wosapita kuphwando, mmenemo alimo, chifukwa palibe amene amafuna kukwiriridwa mumchenga wa eni. Amaiyang'anira ndi Amayi Tembo, a ku Chipata, amene amakolopa maofesi m'nyumba zitalizitali za ku Jumeirah Lake Towers. Iwo okha ndi amene amalembamo, ndipo salembamo china koma maliro.

Ine ndinakopera nambala zonsezo. Ndinatenganso za gulupu ya mapemphero. Anyamata a ku Sonapur, ku kampu yogonako antchito aamuna, akabwera kudzagula ufa ndinkati, ndipatseninso za anzanu a m'chipinda. Onsewo ndinawathira mu gulupu imodzi, n'kuitcha Ufa ndi Madalitso. Sindinapemphe munthu. Anthu ankangodzuka n'kudzipeza ali mkati. Wina akatuluka ndinkamubwezamo, ndikudziuza kuti chala chamuterereka.

Ndiye kutumiza kwake. M'mawa vesi. Vesi isanazizire, chithunzi cha usipa. Kenako uthenga wa mawu, wautali, woyamba ndi kolasi. Masana chithunzi chomwe chija cha usipa, koma chojambulira mbali ina. Ndipo ndinazindikira kuti ndikalemba pamwamba kuti MWAMSANGA, ndi zilembo zikuluzikulu, anthu amatsegula. Basi uthenga uliwonse unasanduka wa mwamsanga. "MWAMSANGA, abale, nyemba zatsala pang'ono." Pamene matumba ali mbwee kumbuyo.

Popeza aliyense ankatha kulembamo, inakhala msika. Uyu Ameni, uyu Ameni, uyu akutsatsa nsapato, awa akukangana za mpira, awo za ndale za kumudzi. Foni ikangoti ng'wee, ng'wee, tsiku lonse.

Poyamba malonda anakweradi, sindinama. Anthu atsopano ankabwera. Ine phewa m'mwamba. Ndinkati Mulungu wandikuzira malire.

Lamlungu lina Amayi Tembo anandiimika pa geti titatuluka m'mapemphero.

"Make Tadala, nambala zija munazitenga kuti?"

"Ndi za abale athu, amayi."

"Zija ni nambala za maliro. Anthu ananipatsa kuti niziwauza munthu akafa, osati usipa ukafika. Manje imwe mwaika akazi na amuna m'nyumba imodzi, chitseko kulibe."

Ndinaseka. Ndinati, "Amayi, bizinesi imafuna kulalika." Mumtima ndinati nsanje basi, gulupu yawo ndi ya misozi, yanga ndi ya madalitso.

Chimene sindinachiganize ndi chakuti mu gulupu aliyense amaona nambala ya mnzake ndi chithunzi chake. Abambo ambiri a ku kampu ndi anthu aulemu, ndimawadziwa. Koma m'thumba la nyemba simulephera zofumbwa. Ena anayamba kusankha akazi poona zithunzi. "Moni asisi, ndakuonani mu gulupu ya ufa." Ena osalemba n'komwe, kungoimba ya vidiyo.

Apa ndi pamene akulowera Esnart. Wandilola kuti ndimutchule. Esnart ndi mtsikana wa ku Kasungu, amagwira ntchito yogonera konko m'nyumba ina ku Al Twar, kulera khanda. Madamu ake ankamulola kusunga foni m'thumba la epuloni chifukwa ankadziwa kuti anasiya mwana kumudzi, kamtsikana dzina lake Madalo, kamene kamakhala ndi agogo ake. Esnart anandilembera pambali, mwaulemu.

"Anti, ndichotseniko mu gulupumo. Foni ikumalira mwana wa madamu akugona, komanso anthu osawadziwa akumandiimbira."

Ine ndinayankha kuti, "Ingoitsekani mawu, mwana wanga. Madalitso sakanidwa."

Anatuluka yekha. Ndinamubwezamo. Anatulukanso, ndinamubwezamonso. Kenako anangoti zii, kutchalitchi osaoneka, ndipo ine ndinati wanyanyala, adzabwera ufa ukamuthera.

Si iye yekha amene anati zii. Timizere tija tosonyeza kuti munthu wawerenga tinasiya kusintha mtundu. Munthu ankabwera pa shopu n'kufunsa ngati mgaiwa wafika, pamene ndakhala ndikulengeza sabata yonse. M'malo modzifunsa, ine ndinawonjezera mauthenga. Ndiwo zawawa kale mchere, ine n'kumathiramo wina kuti zikome.

Tsopano ndifike pa tsiku limene Mulungu anandigwira pakamwa.

Unali m'mawa wa tsiku la ntchito, ndikupima nyemba m'mapepala. Foni yanga yanga, osati ya shopu, inalira. Nambala ya kumudzi. Anali mng'ono wake wa Esnart. Nambala yanga anaipeza pa katoni imene Esnart anatumizapo katundu kudzera kwa ife.

"Ndinu mayi a pa shopu? Pepani, tikufuna achemwali, a Esnart. Foni yawo siikupezeka, papita masabata. Madalo tili naye kuchipatala, m'mimba mwatupa. Adokotala akuti achite opareshoni lero, tisachedwe. Koma amayi akukana kudinda chala pa pepala lovomereza. Akuti mwana si wawo, sangamupereke ku mpeni mayi ake asananene."

Amayi anzanga, mukuwadziwa makolo athu. Gogo akanena choncho, wanena. Ukhoza kubweretsa madokotala onse a m'boma, iye adzati mwini mwana anene.

Ine ndinayankha modzikhulupirira. Ndinati, "Musadandaule, ine ndili ndi nambala ya Mmalawi aliyense mu Dubai muno. Tikumupeza pompano."

Nyumba imene Esnart ankagwira sindinkaidziwa. Ndinkangodziwa kuti ndi ku Al Twar, ndipo ku Al Twar mageti amafanana. Koma ndinati wina mu gulupu akuidziwa. Ndinatenga foni ya shopu n'kulemba. Mukudziwa mawu amene ndinayamba nawo? MWAMSANGA. Mawu omwe aja a nyemba. Ndinalibe ena, ndinali nditawatha.

Ndinakhala pa thumba n'kumayang'ana. Palibe. Patapita nthawi munthu mmodzi anayankha kuti, "Ameni." Sanawerenge. Anangoona kuti Mayi Wailesi alankhula, n'kuponya Ameni kuti adutse.

Ndinayamba kutumiza kwa mmodzimmodzi, uthenga womwewo, mothamanga. Apa ndi pamene ndinaona kuti ambiri anandibuloka kalekale. Ndinapitirizabe, kutumiza, kutumiza, mpaka foni inatulutsa mawu a Chingerezi n'kukana chilichonse. Ndinapita nayo kwa Che Yusufu. Anawerenga, n'kuvula magalasi.

"Nambala yatsekedwa. Akuti anthu ambiri adandaula nayo."

Ndinawafotokozera zonse, za gulupu, za Esnart, za mwana.

"Amayi, ine ndinakupatsani foni. Simunandiuze kuti mukutsegula wailesi. Koma zimenezo tikambirana. Panopa nkhani ndi mwana. Ndani amene akalankhula anthu athu amamva?"

Ndinkamudziwa. Anali Amayi Tembo, omwe aja ndinawaseka pa geti.

Ndinalowa m'chipinda chosungira katundu, pakati pa matumba a ufa, n'kugwada. Ine ndine munthu wa mawu ambiri popemphera, ena muno mumatsegula diso limodzi ndikamapemphera kuti muone ngati ndikumaliza. Koma tsiku limenelo mawu anandithera. Ndinangoti, "Ambuye, ndalankhula kwambiri. Mwana wa eni asafe chifukwa cha nyemba zanga." Pamenepo ndinaona chinthu chimene Amayi Tembo anandiuza pa geti paja ine n'kuseka. Khutu la munthu si lako. Amakubwereka, ngati mmene mnansi amakubwerekera mtondo. Ukasinjiramo miyala, mawa ukadzabwera ndi chimanga chenicheni udzapeza chitseko chotseka. Ine ndinali ndi nambala za anthu onse, koma ndinalibe khutu ngakhale limodzi.

Ndinaganiza za Tadala wanga. Nayenso ndinamusiya ndi amayi anga. Akanakhala iye pa bedi la chipatala, amayi anga akanadinda chala ine ndisananene? Sakanadinda.

Ndili chogwada chomwecho ndinaimbira Amayi Tembo. Anayankha monong'ona, ali pa masitepe a ku ntchito.

"Make Tadala, ngati ni usipa, nili pa nchito."

"Si usipa, amayi."

Ndinafotokoza. Ndinkayembekezera kuti anena kuti ndinakuuzani. Sananene. Anangoti, "Dzina la mwana ndani? Dela ni Al Twar? Dikilani."

Analemba mu gulupu ya maliro. Ine ndinalimo, ndiye ndinauona ukulowa. Unali waufupi: "Si maliro. Tikufuna asakhale maliro. Amene adziwa nyumba imene Esnart wa ku Kasungu agwila nchito ku Al Twar, aniimbile manje manje."

Ndisanachotse ufa m'mawondo, foni inalira. Amayi Tembo. Dalaivala wina wa kwathu, amene amanyamula ana a sukulu a nyumba yoyandikana ndi ya madamu a Esnart, anali ataimba kale. Geti yobiriwira, pafupi ndi kamzikiti kakang'ono.

Taganizani bwino pamenepa. Anthu ake ndi omwewo. Nambala zake ndi zomwezo, zimene ine ndinakopera. Kwa ine anatseka makutu, kwa iwo anasiya mopu ndi chiwongolero n'kuwerenga. Chifukwa Amayi Tembo akalankhula, pamakhala palidi nkhani.

Che Yusufu anatseka shopu masanasana. "Yala, tiyeni."

Tinafika dzuwa lili paliwombo, lija lotentha mpaka m'mano. Tinaliza belu. Anatuluka madamu mwini wake, mayi wa msinkhu ngati wanga. Che Yusufu amalankhula Chiarabu cha pa udalaivala, ndiye ndi iwo amene anayamba kulankhula. Koma atangotchula Esnart, nkhope ya madamu inauma. Apa ndi pamene ndinamva zimene zinachitika, madamu akufotokoza, Che Yusufu akundimasulira. Tsiku lina Esnart atanyamula khanda, foni inalira ya vidiyo. Madamu anaitenga, n'kuona mwamuna wosavala malaya atagona pa bedi la ku kampu akumwetulira. Atayang'ana mauthenga anapeza amuna ena osiyanasiyana. Anaganiza zimene aliyense angaganize. Analanda foni, ofu n'kuimitsa, ndipo anali akuganiza zomubweza ku ofesi imene anamutengako. Ndiye lero pa geti paimanso mwamuna wina akufunsa Esnart.

Ndinawakankhira pambali Che Yusufu n'kuima kutsogolo. Chingerezi changa mukuchidziwa, n'chothyokathyoka, koma tsiku limenelo chinayenda ndi ndodo mpaka chinafika. Ndinati ine ndi amene ndinamuika mu gulupu. Iye anatuluka, ine n'kumubwezamo. Amuna aja nambala anaitenga kwa ine, iye sawadziwa. Ndinatsegula gulupuyo pa foni yanga n'kuwaonetsa pamene panalembedwa kuti watuluka, ndi pamene ine ndinamulowetsanso. Kenako ndinati, mwana wake ali m'chipatala, akudikira mawu a mayi ake kuti amuchite opareshoni.

Mayi ndi mayi, kaya avala chitenje kaya abaya. Atangomva za mwana anagwira pachifuwa, n'kutembenuka kuitana Esnart. Foni ya Esnart inali itazima m'kabati, ndiye madamu anapereka yawo, n'kuimba okha nambala ya kumudzi imene ndinawawerengera.

Esnart anaima pa geti pomwepo, epuloni ili m'chiuno, manja a sopo.

"Amayi, ndine. Dindani chala. Ayi, musadikire malume, ndanena ndine mayi wake. Dindani. Mupatseni foni Madalo ndimumve."

Sindinamve zimene mwana ananena. Ndinangoona Esnart akugwira chitsulo cha geti, chotentha chija, osachimva. Atamaliza, madamu anabwera ndi foni yake n'kumuika m'manja. "Khalasi," anatero, kutanthauza kuti nkhani yatha. Esnart anathokoza madamu, anathokoza Che Yusufu. Ine anangondiyang'ana, n'kulowa.

Madalo anamuchita opareshoni tsiku lomwelo. Anachira. Pamenepa ndiye mungathe kunena Ameni, ndipo munene mutamva.

Zotsatira zake sizinali zokoma. Nambala ya shopu inapita, pamodzi ndi makasitomala enieni amene ankatifuna. Anthu a katundu wotumiza ankasowa potipeza. Che Yusufu sanandichotse ntchito, Mulungu awadalitse, koma foni anandilanda kaye. Ndinabwerera kopima nyemba ndi kusoka matumba. Kuno kutchalitchi ndinasiya kubwera. Ndinkati ndikalowa, aliyense aziona wailesi ikuyenda ndi miyendo. Lamlungu ndinkangogona chopenya khoma.

Anadzanditenga ndi Amayi Tembo. Anafika pa shopu, osagula kanthu, n'kukhala pa thumba.

"Manyazi sagulitsa ufa, Make Tadala. Mphatso muli nayo, mulibe chabe mabuleki. Nyamukani."

Ndiye tinayamba pang'onopang'ono, ndipo apa ndikupempha amene muli ndi mabizinesi mutchere khutu.

Gulupu ija ndinaitseka kudzera pa foni yanga, poti nanenso ndinali woyang'anira. Ndinalemba kupepesa kamodzi, mawu ochepa, kenako n'kuchotsa munthu aliyense mpaka ndinatsala ndekha. Nambala za maliro ndinazifufuta zonse. Nambala imene munthu anapereka chifukwa cha maliro ndi ya maliro. Imene anapereka chifukwa cha mapemphero ndi ya mapemphero.

Che Yusufu atagula nambala yatsopano, anandibwezera foni, koma anati tiyambire pa kauntala. Munthu akagula, ndimamufunsa maso ndi maso: "Kodi mukufuna tizikuuzani katundu akafika?" Ambiri poyamba ankati ayi, ena mpaka kuseka. "Inuyo, Anti? Foni yanga idakali kuchira." Ndinkati zikomo, n'kuwapatsa ufa wawo. Ayi ndi yankho, ndipo munthu amene wakana lero mwaulemu amadzabwera yekha mawa.

Amene wavomera ndimamufunsanso ziwiri. Mukufuna kumva za chiyani, zakudya kapena za katundu wotumiza? Ndipo foni yanu imaloledwa kulira nthawi yanji? Funso lachiwirili ndi limene anthu a m'maofesi sangaliganize, koma ife timalidziwa. Mayi wogonera kuntchito ali ndi nthawi yake, mwana akagona masana kapena tsiku la ofu. Abambo a ku kampu amawerenga ali m'basi pobwerera. Abale athu Achisilamu sindiwatumizira nthawi ya swala ya Lachisanu, ndipo mwezi wa Ramadani sindiwasokoneza nthawi yofuturu, akamamasula kusala kudya. Choncho ndinawagawa m'magulu ang'onoang'ono, aliyense ndi nthawi yake.

Sindigwiritsanso gulupu yoti aliyense aziona mnzake. Pa foni pali njira yotumizira anthu ambiri koma uthenga n'kumufika aliyense payekha, ngati kalata. Akayankha, ndimaona ndine ndekha. Ngati simukuidziwa, tikatuluka muno ndikuonetsani, si yovuta, ine wa pulayimale ndinaitha. Mwamuna wa ku Sonapur sangaonenso chithunzi cha mwana wa eni kudzera mwa ine.

Ndimatumiza kamodzi pa sabata, ndipo pokhapokha katundu atafikadi. Uthenga wake waufupi: chafika chakuti, mtengo wake, shopu itsegulidwa mpaka nthawi yakuti. Ndisanatumize ndimawerengera Che Yusufu mokweza. Akati, "Amayi, mwayamba kulalikira," ndimadula. Ndikalakwitsa mtengo ndimakonza kamodzi, osati kasanu. Munthu akadandaula, ndimamuyankha payekha.

Chimene chinandivuta kwambiri ndi mavesi. Ndinkati, ndingatumize bwanji uthenga wopanda mawu a Mulungu? Amayi Tembo anati, "Mau a Mulungu si nyambo ya usipa." Zinandipweteka koma n'zoona. Ndinkaika vesi kutsogolo kuti munthu achite manyazi kunditsekera. Tsopano mavesi ndimatumiza kwa amayi ochepa amene anapempha okha, pa foni yanga, ndipo mmenemo simulowa nyemba.

Pansi pa uthenga uliwonse ndimalemba kuti, "Ngati simukufunanso, ingolembani kuti basi." Munthu akalemba basi, ndimamuchotsa tsiku lomwelo, osafunsa kuti ndakulakwirani chiyani. Ndipo nambala za anthu sindibwereketsa. Mnzanga wina wa mawigi, ali muno koma sindimuyang'ana, anandipempha kuti ndimugawireko. Ndinati achemwali, ndikhoza kukugawirani ndiwo, koma izi si zanga.

Mawu aja oti mwamsanga ndinawaika m'bokosi. Chiyambireni ndawatulutsa kamodzi kokha, pamene tsiku lonyamuka katundu linasintha n'kubwera pafupi, anthu akanatsalira ndi makatoni awo a Khirisimasi. Ndinalemba, ndipo dzuwa lisanalowe anthu anali pa mzere ndi makatoni. Ndinalowa kuseri kwa matumba kuja n'kuthokoza. Anthu amene ndimawatumizira lero ndi ochepa kuyerekeza ndi khamu lija, koma amawerenga, amabwera, ndipo amabweretsa anzawo. Shopu ikuyenda kuposa nthawi ya wailesi. Ndikunena mosaopa, Mulungu anandibwezera dzina langa.

Panatsala munthu mmodzi. Esnart anayambiranso kubwera kutchalitchi, koma ankakhala mbali ina. Ndinamupepesa, anati ndamva, basi. Sindinamukakamize. Ndinali nditamukakamiza mokwanira.

Miyezi itapita, tsiku lake la ofu, analowa mu shopu. Anagula ufa ndi nsinjiro, osachulutsa mawu. Atafika pakhomo anatembenuka.

"Anti, usipa ukafika mumawauza bwanji anthu masiku ano?"

"Ndimauza amene anavomera."

"Ine simunandifunse."

"Ndinalibe nkhope yokufunsirani, mwana wanga."

Anabwerera n'kuika foni pa kauntala. Pagalasi panali Madalo, atavala yunifolomu ya sukulu, akuseka, mano awiri akutsogolo palibe.

"Lembani. Loweruka lokha, masana, khanda likagona. Ndipo Anti, ndikatuluka ndatuluka."

"Mukatuluka mwatuluka."

Mpaka lero sanatuluke.

Tsopano tembenuzani mafoni aja. Yang'anani maina amene alimo. Aliyense wa iwo ali ndi wina kumudzi amene tsiku lina adzamufuna mwamsanga weniweni, ndipo foni imene mukuiliza ndi malonda anu ndi yomweyo imene adzamuimbirepo. Muzigogoda musanalowe. Ambuye amene anasunga Madalo, n'kundiphunzitsa ine kutseka pakamwa ndili wamkulu kale, akusungireni ana anu kumene ali. Ine ndalekera pomwepa, Che Yusufu asanamve kuti ndayambanso kulalikira.